Plato Adikire, Tiyambe ndi Dunduzu

Abale anga a ku Malawi, Chipata ndi Tete, ndikulemba ndili ku Mwenge, kufupi ndi Yunivesite ya Dar es Salaam. Wachinyamata akafunsa buku loyambira pa nzeru za ndale, ophunzira athu amathamangira kutchula Plato, Hobbes ndi Locke, ena n'kuwonjezera kuti Chichewa sichinganyamule maganizo olemera chotere. Ine ndikukana.

Taonani eni dziko lino. Mu 1967 Julius Nyerere analengeza mfundo za ku Arusha m'Chiswahili. Mawu monga ujamaa, ubepari ndi unyonyaji anatsika m'mabuku n'kulowa mumsika. Inde, ujamaa unasamutsa anthu mokakamiza m'zaka za m'ma 1970, chuma n'kugwa. Komabe wosema ziboliboli pano pa Mwenge angathe kuudzudzula kapena kuuikira kumbuyo m'chinenero chake, popanda womasulira.

Nanga ife? Dunduzu Chisiza, amene anamwalira mu 1962, anachenjeza za ulamuliro wankhanza m'buku lake Africa: What Lies Ahead. Chenjezolo linali m'Chingerezi. Ndi angati mwa makolo athu amene analimva nkhanzazo zisanawafike pakhomo?

Chinenero sichibadwa ndi mawu a nzeru za ndale. Mawuwo amawumbidwa pamtsutso. Dothi tili nalo kale: bwalo, ufumu, umunthu, chilungamo. Funso la Hobbes, lakuti munthu amverenji womulamulira, limamveka paliponse pamene akulonga mfumu.

Tsono tileke manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Timasulire Dunduzu choyamba. Plato abwere pambuyo, koma nayenso adzalankhule Chichewa.