Dimba Likalamba Pamodzi ndi Mwini Wake

Mwezi uno tikambirane za dimba. Amene ayenda pa mseu waukulu pakati pa Katete ndi Sinda m'cilimwe aona madambo ali biriwiri ndi matimati, repu, anyezi ndi nzimbe, pamene minda ya kumtunda yauma gwa. Komatu ambiri mwa madimba amenewa anakonzedwa ngati kuti eni ake sadzakalamba.

Mnyamata akumba citsime pansi pa dambo, mabedi nawaika patali, pakuti kusenza makeni awiri sikumvuta. Pofika zaka 60 msana ukana, dimba nkusanduka thengo. Wanzeru aika ndiwo zothirira tsiku ndi tsiku pafupi ndi citsime, nthoci ndi nzimbe kumene cinyontho sicitha, mango, magwafa ndi malalanje cakumtunda. Repu afuna mphamvu zanu m'mawa uliwonse. Mtengo wa zipatso ufuna kuthiriridwa ukali waung'ono cabe, pambuyo pake ndiwo udyetsa nkhalamba. Mpandanso cimodzimodzi. Wa minga uola msanga, mbuzi ndi nkhumba nkulowa, koma wa khonje ungolimbirabe caka ndi caka.

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ICRAF pa Msekera, pafupi ndi Chipata, anaonetsa kuti mitengo monga Sesbania ndi Gliricidia ibwezera conde m'nthaka yotopa. Msangu makolo athu anaudziwa kale: uyoyola masamba dzinja, kotero suphimba mbeu ndi mthunzi. Koma msangu sufulumira kukula.

Apa ndipo pagona nkhani. Kwa ife Acewa, kuyambira ku Sinda kufikira ku mapiri a Vubwi, mwamuna wokhala cikamwini alima nthaka ya mbumba ya mkazi wake. Mumtima anena kuti, ndibzalirenji mango pamudzi pa eni, mwina mawa andipitikitsa? Motero abzala matimati okha, ndalama ya miyezi itatu. Mantha amenewa sitingawaseke, pakuti tawaona akamwini akucoka ndi mkeka wokha maliro a mkazi atangotha. Koma amene adzadya mango amenewo ndani, ngati si ana ake omwe, amene mudziwo ndi wao? Inunso amalume ndi apongozi, mkamwini akafuna kubzala mitengo musamuyese wolanda malo. M'cilala ca 1992, ndiponso ca 2024, cimanga cinapserera m'minda, ndipo nthoci ndi mango za m'madimba akale sizinafunse kuti anazibzala ndi mwini mudzi kapena wobwera.

Amene mwafesa mbande, kumbiranitu maenje mvula isanagwe, muthiremo manyowa owolerana bwino. Muokere mu Disembala nthaka itanyowa, ndipo kamtengo kalikonse mukachingire ndi minga cifukwa ca mbuzi.