Bomba Lokwirira ndi Jumbo Lotayidwa

Anthu a dera la Mfumu Chowe m'boma la Mangochi safuna wina wowafotokozera tanthauzo la nkhondo. Kuyambira 1977 kufikira 1992 dziko la Mozambique linali pamoto, magulu a Frelimo ndi Renamo akulimbana. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi. Ena mwa iwo analowera m'malire a Mangochi, cha ku Chiponde, atasenza timitolo ndi ana kumbuyo. Iwowa sindiwo anayambitsa nkhondoyo, koma ndiwo anasiya minda, ziweto ndi manda a makolo awo.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zinaleka kulira, koma imfa sinathere pomwepo. Mabomba okwirira pansi anatsala m'minda ndi m'njira zopita kuchitsime. Anadula miyendo ya alimi ndi ana amene anabadwa nkhondo itatha kale. Mpaka mu 2015 ndi pamene Mozambique inalengeza kuti yatsiriza kuchotsa mabomba odziwika, patapita zaka 23. Phunziro lake nlakuti chinthu choopsa chikasiyidwa pansi, sichisamala kuti wochisiyayo anachoka liti, ndipo sichisankha womuvulaza.

Phunziro limeneli likhudzanso chinthu china chimene ambiri amachiyesa chachabe: jumbo la pulasitiki. Jumbo siliphulika ngati bomba, ndipo kungakhale kupeputsa mwazi wa ofa kunena kuti ziwirizi nzofanana. Komabe zili ndi khalidwe limodzi. Zonse zimatayidwa m'kamphindi, zimakhala zaka zambirimbiri, ndipo wovutika nazo ndi munthu amene sanazitaye.

Ulendo wa jumbo ndi wosavuta kuutsata. Munthu agula usipa kapena mandasi pamsika, nataya jumbolo m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Chowe kupita ku Namwera. Mvula ikagwa, madzi alikokolola nalitsitsira m'timitsinje tothira m'nyanja ya Malombe. Mtsinje wa Shire, umene umachokera m'nyanja ya Malawi nudutsa m'Malombe, ulitenga kupita ku Liwonde. Zinyalala zina zimakakodwa pamalo opangira magetsi monga Nkula, kumene zimatseka njira ya madzi pamodzi ndi namasupuni. Zopulumuka zimapitirira kukalowa mu Zambezi, m'dziko la Mozambique, mpaka m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Motero anthu amene Amalawi anawalandira ndi manja awiri pa nthawi ya nkhondo, lero akutumiziridwa zinyalala pa mtsinje. Akatswiri ayerekeza kuti matani pafupifupi 11 miliyoni a pulasitiki amalowa m'nyanja za dziko lapansi chaka chilichonse, ndipo ambiri amachokera kumtunda.

Koma tsoka silidikira kufika kunyanja yamchere. Mbuzi imadya jumbo lonunkhira mchere kapena mafuta, jumbolo litseka m'mimba, mbuziyo niwonda mpaka kufa. Kwa banja la m'mudzi, mbuzi ndiyo fizi ya mwana ndiponso ndalama yoyendera kuchipatala. Majumbo amatseka ngalande, madzi nadikha, udzudzu nuswana. M'nyanja, maukonde a nayiloni opyapyala akaduka natayika, amapitiriza kukola nsomba zimene palibe adzazidye. Pulasitiki sawola, amangophwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka bwino timene nsomba zimameza. Nyanja ya Malombe, imene chambo chake chinachepa koopsa pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, siingathenso kusenza mtolo wina.

Chokwiyitsa nchakuti lamulo linalipo. Mu 2015, chaka chomwecho chimene Mozambique inatsiriza kuzula mabomba, boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti natenga ziletso. Mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo nloyenera, koma ziletso zina zinatsatira, ndipo zinachotsedwa kumayambiriro a 2025. Zaka khumi zinapita pachabe dziko likutulutsa matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ambiri mwa iwo ogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Amene anaumirira kuti lamulo ligwire ntchito, monga Gloria Majiga-Kamoto amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021, ayenera ulemu. Amene anachedwetsa lamuloli ayenera kuyankha mafunso.

Oteteza majumbo amati mafakitale amalemba anthu ntchito, ndiponso kuti jumbo nlotsika mtengo kwa mmphawi. Mfundozi nzosakwanira. Ngati ntchito ziwerengedwa, ziwerengedwe zonse: za asodzi, za amayi owamba ndi kuyanika nsomba, za ogwira ntchito m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, ndi za oluka madengu ndi mitanga a ku Mangochi amene malonda awo analowa pansi chifukwa cha jumbo. Kunena za kutsika mtengo, jumbo limaoneka lotchipa chifukwa wolipanga salipira mbuzi yakufa kapena ngalande yotsekeka. Phindu lipita kwa mwini fakitale kutauni, ngongole itsala kwa mlimi wa kwa Chowe. Umu ndi mmene zimakhaliranso pa nkhondo: ogulitsa zida alemera, othawa nkhondo nagona kutchire.

Tsono chofunika ndi kuchitapo kanthu. Boma lisathamangitse mayi wogulitsa tomato pamsika likusiya fakitale imene ikupanga majumbowo. Khonsolo ya Mangochi iike malo otayira zinyalala m'misika ndi m'madoko. Mafumu ndi makomiti a m'madoko, amene anayamba ku Malombe mu 1993, aikepo malamulo a zinyalala monga anachitira ndi maukonde oletsedwa. Ophunzira nawo atenge dengu kapena kachikwama ka nsalu popita kumsika, osachita manyazi.

Bomba lokwirira lili ndi malo ake, ndipo katswiri angathe kulipeza nalizula. Pulasitiki akaphwanyika m'nyanja palibe angamutole, pakuti madzi akatayika saoleka. Nkhondo ya ku Mozambique Amalawi sakanatha kuiletsa. Jumbo ali nayo mphamvu yolikana, ndipo akapanda kutero sadzakhala ndi wina womuloza chala.