Kapitawo atsike pomaliza

Sitima zapamadzi za anthu olemera zimanyadira zipinda zogona zokongola, zakudya zamitundumitundu ndi oyimba osangalatsa alendo usiku. Koma pamene sitima ya Oceanos inkamira kufupi ndi gombe la South Africa pa 4 Ogasiti 1991, zipinda ndi zakudyazo sizinathandize munthu. Kapitawo Yiannis Avranas anachokamo anthu ambiri akadali m'katimo. Woyimba gitala Moss Hills ndi anzake ndiwo anaitana thandizo pa wailesi, nathandiza anthu kukwera mahelikoputa. Anthu onse 571 anapulumuka.

Kaya ndi sitima yaikulu, kaya bwato lowolotsa anthu pa Zambezi, wonyamula miyoyo ya anzake atsike pomaliza. Boma lisapereke chilolezo kwa woyendetsa amene sanaphunzire kupulumutsa anthu.