Za Umoyo Wathu: Mbalame za m'Chisanu ndi Njira Zoterera

Anamzeze amene tinkawaona kuno ku Britain nthawi yotentha ananyamuka mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo ambiri mwa iwo pano ali kum'mwera kwa Africa kumene kukugwa mvula. Ife tatsala ndi chisanu chathu. Mwezi uno ndikufuna tikambirane za mbalame zimene zatsala nafe, chifukwa ndaona kuti zingatithandize pa vuto lina la chaka ndi chaka, lodzitsekera m'nyumba mpaka Malichi.

Mu Disembala dzuwa la ku London limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ku Glasgow kumawala pafupifupi maola 7 okha. Ife a mashifiti a maola 12 timachoka kuli mdima, kubwerakonso kuli mdima. Tsiku lopuma limathera m'bulangete ndi foni m'manja. Ana asukulu nawo amangobindikira m'zipinda. Mapeto ake tulo timasokonekera, thupi limalemera, mtima umangokhala wokhumudwa popanda chifukwa chooneka. Kuwala kwa masana ndi kuyenda pang'ono kumathandiza, koma ndani angatuluke m'chisanu kukangoyenda opanda kolowera? Mbalame zimapereka chifukwa.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Kwathu mbalame tinkaidziwa ndi legeni ndi ulimbo, ndipo funso linali loti ndi yonona kapena ayi. Kuno lamulo la mu 1981 limateteza mbalame zakutchire, choncho abambo, luso lija lisiyeni kumudzi.

Nthawi yozizira ndiyo yabwino kuyamba, poti mitengo yayoyola masamba ndipo njala imazibweretsa mbalame pafupi ndi nyumba. Sipafunika magalasi oonera patali. Robin, kambalame ka chifuwa chofiira, kamaimba ngakhale m'chisanu, nthawi zina usiku pansi pa magetsi a mumsewu. Otuluka ku shifiti ya usiku mwina munakamvapo. Redwing ndi fieldfare ndi alendo ngati ife, amachokera ku Scandinavia ndi maiko ena a kumpoto, ndipo sinowo akakwirira minda amalowa m'tauni kudzadya tizipatso ta m'mipanda. Kakang'ono kuposa tonse ndi goldcrest, kolemera magalamu 5 kapena 6, ngati ndalama ya 20p. Tina totchedwa wren timagona mothithikana kuti tifunditsane, moti mu 1969 ku Norfolk anawerenga 61 m'kabokosi kamodzi. Mukamadandaula za bilu ya gasi muzitikumbukira timeneti.

Ngati mukufuna kuzithandiza, chachikulu ndi madzi, chifukwa kukaundana zimasowa pomwera. Ikani mbale yosazama, ndipo m'mawa uliwonse muzichotsa madzi oundanawo n'kuthira ena. Musathiremo mchere. Mtedza wokazinga wamchere, umene ife timaukonda, kwa izo ndi woipa. Ziwiya zodyetsera muzitsuka sabata iliyonse; matenda ofala kudzera m'ziwiya zauve achepetsa kwambiri mbalame yotchedwa greenfinch.

Bungwe la RSPB limachititsa Big Garden Birdwatch kumapeto kwa Januwale, kuyambira 1979. Mumakhala ola limodzi, pabwalo la nyumba, pakhonde la fulati kapena ku paki, n'kulemba chiwerengero chachikulu cha mtundu uliwonse chimene mwaona nthawi imodzi, kenako kutumiza pa intaneti. Salipiritsa. Kwa zaka zambiri mpheta ndi imene yakhala ikutsogola. Ana amasangalala nazo, ndipo amadziwa maina kuposa ife.

Koma pokutumani kunja, ndiyenera kulankhulanso ngati namwino. Kukangoundana usiku umodzi, m'mawa wake chipatala chimadzaza anthu othyoka pamfundo ya dzanja, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza chikhato. Achikulire amathyoka fupa la m'chiuno, ndipo ena sayendanso ngati kale. Sinowo watsopano sapweteka anthu kwambiri. Woopsa ndi amene wasungunuka masana n'kuundananso usiku, komanso ayisi wopyapyala amene amangooneka ngati msewu wanyowa. Valani nsapato za mphira wa mano pansi. Zosalala zopitira kutchalitchi zilowe m'chikwama, mukavalire komweko. Yendani timapazi tating'ono, mutaweramira kutsogolo pang'ono, manja ali kunja kwa matumba. Ndipo mukafuna kuyang'ana m'mwamba, yambani mwaima. Pakhomo panu musathire madzi otentha, amaundananso n'kuterera koposa. Wazani mchere, supuni yaikulu imodzi pa sikweya mita, kapena mchenga.

Za maiwe ndi ngalande ndikupemphani makolo munene mobwerezabwereza. Abakha amaima pamwamba pa madzi oundana, mwana n'kuganiza kuti nayenso angathe. Mu Disembala 2022 anyamata anayi a zaka 6 mpaka 11 anamwalira atagwera m'madzi oundana ku Babbs Mill Lake, ku Solihull. Ayisi wa kuno sakhala wochindikala moti n'kumudalira. Munthu akagweramo imbani 999, muponyereni chingwe kapena mupatsireni mtengo muli kumtunda, inu musalowemo. Galu akagweramo musamutsatire.

Amene muli ndi BP kapena vuto la mtima, dziwani kuti kuzizira kumakweza BP, choncho fosholo yochotsera sinowo apatseni achinyamata. Valani zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza, chipewa ndi magolovesi, ndipo m'nyumba musatsike pansi pa madigiri 18.

Chimodzi chimene kuyendaku sikungakupatseni ndi vitamini D. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno ndi lofooka kwambiri moti khungu silipanga yokwanira. A NHS amalangiza mamaikilogalamu 10 patsiku m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Mapilitsi ake amapezeka m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, ndipo amayi oyembekezera kapena a ana aang'ono afunse azamba kapena kukiliniki ngati angalandire aulere.