Pempho kwa Anthu a ku Malosa pa za Kanyamukidwe ka Okalamba

Kwa inu mafumu ndi nduna zanu m'dziko la Mfumu Yaikulu Malemia, kwa inu atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, amisiri a matabwa, amayi ndi abambo, anyamata ndi asungwana, nonse okhala m'tsinde mwa phiri la Malosa, kuyambira ku Domasi kufikira kumtsinje wa Likwenu: ife anzanu, amene tinapangana kuti tiziyendera okalamba ndi odwala m'midzi yathu ino, tikupempha kuti mutchere khutu ku nkhani imene ena adzaiyesa yopepuka, koma imene ife, poona zimene taona m'makomo, taipeza yolemera ndithu. Nkhani yake ndi ya kunyamuka pampando.

Mwana amanyamuka osaganiza, pakuti ntchafu zake zili ndi mphamvu ndipo mawondo ake sanalawe nyamakazi. Koma munthu amene imvi zamuyera, amene minofu yake yayamba kuchepa monga mwa chikhalidwe cha thupi, amadziwa kuti pakati pa kukhala pansi ndi kuimirira pali ntchito yaikulu, ndi kuti tsiku limene adzailephere ntchitoyo ndilo tsiku limene adzaleke kupita yekha kuchimbudzi, kumunda, kumaliro ndi kunyumba ya mapemphero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka ndi chaka chifukwa cha kugwa, kuti ochuluka mwa iwo ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndi kuti amene amafa koposa onse ndi anthu opitirira zaka 60. Fupa la m'chiuno la nkhalamba, makamaka la amayi amene anasiya kusamba, silichedwa kuthyoka. Ndipo likathyoka, ngakhale banja lithamangire kuchipatala cha St Luke's, ngakhale wodwalayo atumizidwe kuchipatala chachikulu cha Zomba, ulendo wobwerera ku mphamvu zakale umakhala wautali, ndipo ena saumaliza.

Choyamba tinene ndi inu, agogo athu, amene munatilera ndi kutiphunzitsa kuyenda. Musatiyese amwano pamene ife ana tikukumbutsani kaimiridwe. Mukafuna kunyamuka, musayambe msana uli chitsamire kumbuyo kwa mpando, koma sendererani kutsogolo kufikira mutakhala cham'mphepete. Bwezani mapazi m'mbuyo pang'ono, kuti akhale pansi pa mawondo, otalikirana monga mapewa anu, onse awiri ataponda nthaka ndi chidendene chomwe. Pamenepo weramirani kutsogolo, popinda m'chiuno osati pamsana, chifuwa chili chotambasuka ndi maso akuyang'ana kumene mukupita, mpaka mutu ufike pamwamba pa mawondo. Pakuti thupi limene kulemera kwake kwatsalira kumbuyo kwa mapazi silingakwere, ndipo ndicho chifukwa chake ambiri amayesa kawiri katatu nabwerera pampando ndi kubuula. Mukatero, kankhani pansi ndi miyendo, manja akuthandiza pa zogwirira za mpando kapena pa ntchafu zanu, ndi kuwongoka mosafulumira. Ndodo si yodzikokera nayo m'mwamba, chifukwa imaterereka. Ntchito yake imayamba mutaimirira kale.

Mutaimirira, musaponye phazi nthawi yomweyo. Magazi a munthu wamkulu amachedwa kukwera kumutu, makamaka mwa iwo amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kapena amene angodzuka kutulo, kapena amene sanamwe madzi okwanira m'nyengo yotentha ya Okutobala. Chizungulire chimene chimadza pamenepo chagwetsa anthu ambiri amene miyendo yawo inali yolimba. Imani, pumani mpweya kangapo, konzani chitenje kuti chisakukoleni, onani kuti patapata wakhala bwino kuphazi, ndipo pokhapo yambani ulendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pokhalanso pansi musadzigwetse: bwererani m'mbuyo kufikira miyendo itakhudza mpando, ugwireni ndi dzanja, ndi kutsika pang'onopang'ono mutawerama monga munachitira ponyamuka.

Tikudziwa kuti amayi athu ambiri sakhala pampando konse, koma pamphasa kapena pamkeka, miyendo atatambalitsa, posenda chimanga, posankha nyemba, kapena pokhala pasiwa usiku wonse. Kwa iwo njira ndi iyi: atembenukire kumbali, agwade ndi kugwira pansi ndi manja onse awiri, asenderere ku chinthu cholimba chimene sichingagubuduke, apondetse phazi la mwendo wamphamvu kutsogolo, ndipo akwere atatsamira pa chinthucho. Palibe manyazi m'kugwada kotere.

Tsono tifike pa chimene chatiwawa mtima koposa, ndicho ulemu umene umapweteka amene tikumulemekeza. Mwambo wathu ndi wokoma, wakuti wamkulu akafika pakhomo timamupatsa malo oposa onse. Koma masiku ano malo oposa onsewo asanduka sofa yofewa, yakuya, imene imameza munthu mpaka mawondo ake akhale pamwamba pa chiuno, kapena mpando wa ndalema umene umamugoneka chagada. M'malo otere ngakhale mnyamata amavutika kutulukamo. Nanga nkhalamba ya zaka 80 idzatani? Imangokhala chete, kuopa kuvutitsa eni nyumba, imakana madzi ndi thobwa kuopa kuti ingafune kutuluka panja, ndipo ikabwerera kwao imalumbira mumtima kuti sidzapitanso kukacheza. Mpando woyenera wamkulu ndi wolimba, wosagwedera, wokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri, wotalika masentimita pafupifupi 45 kuchokera pansi, kapena kunena mwachidule, wakuti munthu akakhalapo mapazi aponde pansi ndipo chiuno chisatsike kuposa mawondo. Amisiri athu a pamsika wa Malosa ndi a ku Songani, luso limeneli lili m'manja mwanu. Mukamalandira ntchito, funsani kuti adzakhalepo ndani. Ndipo inu akuluampingo ndi mashehe, amene anthu anu amaimirira ndi kukhala, kugwada ndi kuwerama kangapo pa mapemphero amodzi, ikani mipando ingapo yotere pafupi ndi khomo, ndipo nenani poyera kuti wofooka akapemphera ali chikhalire sanachimwe. Musaiwalenso kuchimbudzi, kumene kunjuta kumagonjetsa mawondo okalamba: kampando kobowola pakati ndi mtengo wogwirira wozikika bwino m'mbali zimasunga ulemu wa munthu kwa zaka zambiri.

Inu ana ndi adzukulu, amene mumathamanga mwachikondi kukadzutsa agogo, lekani kuwakoka manja kapena kuwanyamula m'khwapa. Phewa la munthu wamkulu limaguluka msanga, ndipo la munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, likakokedwa, limatsala ndi ululu wosatha. Nanunso msana wanu umapweteka pamene mukusenza munthu mutapindika. Imani pambali pawo, mbali yofookayo, pindani mawondo anu, ikani dzanja limodzi kumsana kwawo cham'chiuno, linalo alitsamire, muwerenge pamodzi kufikira katatu, ndipo muwalole iwo eni agwire ntchito imene angathe, inu mungokwaniritsa chotsalacho. Pakuti kuchitira munthu zonse, kumubweretsera madzi, chakudya ndi moto pamalo amodzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ngakhale kumaoneka ngati chifundo, kumafooketsa miyendo yake m'masabata owerengeka. Wokalamba amene sakudwala mtima kapena chizungulire achite chizolowezi chonyamuka ndi kukhalanso pampando wolimba wotsamira kukhoma, kasanu kapena kakhumi, m'mawa ndi madzulo, wina ali pafupi. Akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, aleke ndi kukaonana ndi achipatala, kumenenso a mafizo amaphunzitsa zimenezi mwatsatanetsatane.

Dziko lonse lapansi limakumbukira okalamba pa 1 Okutobala chaka chilichonse, ndipo boma lathu linakhazikitsa ndondomeko yosamalira okalamba m'chaka cha 2016. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ndondomeko yolembedwa ku Lilongwe siingakonze mpando wa pakhonde la ku Malosa. Chifukwa chake tikupempha mafumu kuti pa msonkhano wotsatira wa m'mudzi mupatse mpata alangizi a zaumoyo aonetse kanyamukidwe aka pamaso pa onse, munthu ataikidwa pampando pabwalo, kuti aliyense aone ndi maso ake. Tikupempha aphunzitsi kuti muphunzitse ana asukulu kadzutsidwe ka agogo awo, popeza m'makomo ambiri ndi iwo amene amatsala nawo. Ndipo banja lililonse limene lili ndi wokalamba, sabata ino isanathe, liyese mpando umene iye amakhalapo, liugwedeze, lione kutalika kwake, ndipo ukapezeka wosayenera, lipite nawo kwa mmisiri.

Ndife anzanu ndi ana anu,
Gulu loyendera okalamba ndi odwala, Malosa.