Moto wa m'mimba: zotengako ku India ndi zosiya

Mawu akuti Ayurveda akangotchulidwa pakati pa anthu a mpingo, ambiri amakwinya nkhope. Amadziwa kuti njira yazaumoyo imeneyi ndi ya ku India ndipo inakulira limodzi ndi chipembedzo cha Chihindu, basi nkhani imathera pomwepo. Ine ndikuona kuti imatha msanga. Muli zinthu zoti tizikane ndithu, koma mulinso mwambo wa kadyedwe umene ungatichititse manyazi ife amene timanyadira uthenga wa zaumoyo.

Mabuku akale a njirayi, makamaka Charaka Samhita, amayerekezera kugaya chakudya ndi moto, umene amautcha agni. Moto ukamayaka bwino chakudya chimapsa n'kupatsa thupi mphamvu. Ukafooka, chakudya chimatsala chosapsa, ndipo zotsalirazo, zimene amazitcha ama, ndizo amati zimabala matenda. Aliyense amene anaphunzirapo sayansi ku sekondale akudziwa kuti m'mimba mulibe moto. Muli asidi ndi timadzi tina togaya chakudya. Koma fanizoli ndi la munthu amene anaphikapo. Suunjika nkhuni zaziwisi pa moto wongokoleza kumene, ndipo suthira madzi ozizira mu mphika umene ukubwata.

Malangizo awo ambiri amachokera pa fanizo lomweli. Munthu adye pamene chakudya cham'mbuyo chagayika ndipo njala yeniyeni yabwera. Chakudya chikhale chofunda, chodyedwa munthu atakhala pansi, osathamanga komanso osachedwetsa. Chachikulu chikhale cha masana, chamadzulo chikhale chopepuka ndi chodyedwa nthawi ikadalipo. Charaka amagawa mimba patatu: gawo limodzi la chakudya cholimba, lina la zamadzimadzi, lachitatu lizikhala lopanda kanthu. Ku Maharashtra kuli mwambo wotchedwa shatapavali, kuyenda mapazi 100 munthu akangomaliza kudya. M'makomo ambiri a ku India munthu akadwala m'mimba amamuphikira khichdi, mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza mpaka kufewa, ndipo pambuyo pa chakudya chamasana amamwa mkaka wosasa wosungunulidwa ndi madzi, wofanana ndi chambiko chathu.

Tsono taonani, abale ndi alongo. Kusadyadya pakati pa chakudya ndi chakudya, kupeputsa chamadzulo, kusamwa madzi ozizira kwambiri pa nthawi yodya, kutafuna bwino, kuyendako pang'ono pambuyo pa chakudya: zonsezi zili m'mabuku a Mayi Ellen White, monga The Ministry of Healing la 1905 ndi Counsels on Diet and Foods limene linasonkhanitsidwa mu 1938. Mabukuwa tili nawo m'nyumba zathu ndi mu laibulale. Kusiyana kwake n'kwakuti gogo wa ku Pune anasandutsa malangizowa kukhala chizolowezi cha pakhomo, pamene ife tinawasandutsa mutu wa phunziro la Sabata masana. Ndipo phunzirolo timalimva tikusinza, chifukwa cha nsima imene tangodya osasiyako gawo lachitatu lija.

Zina mwa izi madokotala amakono amavomereza. Kuyenda pang'ono munthu akadya kumachepetsa kukwera kwa shuga m'magazi. Kugona utangodya kumene kumabweretsa chilungulira, chifukwa asidi amabwerera kukhosi mosavuta munthu akagona chogona. Jinja, amene ku India amamudya pang'ono ndi mchere ndi mandimu asanayambe chakudya, amathandiza pa nseru. Zina, monga zoti madzi ozizira amazimitsa kugaya, umboni wake ndi wochepa, ngakhale kumwa madzi ofunda sikungapweteke munthu.

Pa zokometsera ndi pamene timasiyana. Khitchini ya ku India imadalira jeera, ajwain, hing ndi njere za saunf zimene amatafuna akamaliza kudya, zimene mungazipezenso m'masitolo a Amwenye ku Limbe. Mayi White anachenjeza za tsabola, mpiru wa njere ndi zokometsera zoyabwa. Sindikuganiza kuti supuni ya njere za saunf ndi chinthu chimodzi ndi mbale yodzaza tsabola, koma amene chikumbumtima chake chikumuletsa asiye. Mwambo wa nthawi ndi muyezo wa chakudya umagwira ntchito popanda njere iliyonse.

Chimene ndimakana kwathunthu ndi mabotolo. Ayurveda lero ndi malonda aakulu, ndipo boma la India linakhazikitsa unduna wake wa njira zoterezi, wotchedwa AYUSH, mu 2014. Pa Facebook ndi WhatsApp pamadutsa ufa ndi mapiritsi olonjeza kutsuka m'mimba. Triphala, msanganizo wa zipatso zitatu zouma, imatsegula m'mimba ndithu, koma kutsegula m'mimba si kuchira. Choopsa kwambiri n'chakuti nthambi ina ya njirayi, rasa shastra, imasakaniza dala zitsulo mu mankhwala. Mu 2004 ofufuza a ku Boston anayeza mankhwala a Ayurveda 70 ogulidwa m'masitolo a mzindawo, ndipo 14 anapezeka ndi mtovu wa lead, mercury kapena arsenic. Wophunzira amene akuvutika kupeza fizi alibe chifukwa chogulira botolo limene sangadziwe zam'kati mwake.

Ndiponso si kupweteka kulikonse kwa m'mimba kumene kumachokera ku kadyedwe. Zilonda za m'mimba zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandirira mphoto ya Nobel mu 2005 atakatulukira. Kachilomboka sikamva jinja kapena mapazi 100. Kamafuna mankhwala a kuchipatala. Amene akuona chimbudzi chakuda ngati phula, akusanza magazi, akuwonda popanda chifukwa, kapena ululu wake watha milungu, apite kuchipatala mwamsanga.

Ena adzati kutengako chilichonse ku Ayurveda ndi kutsegula khomo la ziphunzitso zina. Nkhawa imeneyi ndikuimva, ndipo nanenso sindivomereza chiphunzitso chakuti thupi limalamulidwa ndi vata, pitta ndi kapha, kapena mapemphero amene ena amaphatikizapo. Koma munthu amene wadya nthawi yake n'kuyenda kuzungulira bwalo la mpira sanapembedze chilichonse.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi nkhaniyi imatikhudza kawiri. Ambiri a ife tidzakaphunzitsa m'sukulu zogonera komweko, kumene belu limalira ana asanamalize kutafuna, ndipo akadya nyemba zamadzulo amathamangitsidwira m'kalasi kukawerenga. Mphunzitsi wa pa dyute sangasinthe zimene zili mu mphika, koma mphindi khumi pakati pa holo yodyera ndi kalasi zili m'manja mwake.