Mukufuna udokotala? Musathawe fiziki

Chaka chilichonse ndimamva ana a Fomu 3 akuti, "Ine ndikufuna udokotala, fiziki ndi yachiyani?" Apa mukudzinamiza.

Taonani. DNA ya mu selo limodzi ndi yaitali pafupifupi mamita 2, koma imakwanamo chifukwa imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone. DNA ili ndi chaji ya negativi, histone ya pozitivi, ndiye zimakokana zolimba. Ma enzyme ena akamatirira acetyl pa histone, chaji ya pozitivi imachepa, DNA imamasuka, jini n'kuwerengedwa. Izi zimathandiza kuti selo la khungu lisiyane ndi la ubongo.

Zikasokonekera, majini oletsa khansa amatha kutsekeka. Mankhwala a vorinostat, ovomerezedwa ku America mu 2006, amagwira pomwepo.

Ndiye phunziro la chaji lija, osalijomba.